Wamkulu Amasewera, Safuna Kuseweretsedwa

Nkhani yokambidwa kwa alangizi a sukulu za kwacha ndi aphunzitsi a makalasi a madzulo mumzinda wa Lilongwe

Mwandipempha kuti ndikambe za masewera ophunzitsira mawu a Chingerezi kwa anthu akuluakulu, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mukukayika. Munthu wa zaka 45, wa ana ndi zidzukulu, waweruka ali wotopa, wakwera minibasi ndi ndalama ya ndiwo, ndiye afike m'kalasi timuuze kuti tiyeni tisewere? Funso limeneli n'lomveka.

Koma taonani pansi pa mitengo ya pamsika masana. Mupeza abambo a imvi ataweramira bawo, osamva ngakhale kuitana. Pa depoti madalaivala akudikira nthawi yawo pa dilafuti. Amayi a kumpingo amakumana pa mpira wamanja. Wamkulu amasewera ndithu. Chimene amakana ndi kusandutsidwa mwana pamaso pa anzake. Choncho mfundo yanga lero ndi imodzi. Liwu lachilendo limakhazikika m'mutu munthu akalikumbukira yekha kambirimbiri n'kulitulutsa pakamwa pake, ndipo masewera okonzedwa bwino ndiyo njira yotsika mtengo yoti wamkulu abwereze liwu lomwelo kakhumi, osatopa nalo, osachita manyazi. Masewera amene sakuchita zimenezi ndi otaya nthawi, ndipo akulu amawazindikira msanga.

Ophunzira athu ndi ndani

Ntchito yophunzitsa akulu m'dziko muno si ya dzulo. Mu 1947 ku Mponela, m'boma la Dowa, kunayesedwa ntchito yophunzitsa anthu a m'midzi kuwerenga ndi kulemba, ndipo mu 1986 boma linakhazikitsa pologalamu ya dziko lonse ya sukulu za kwacha. Sukuluzi zakhala zikuphunzitsa makamaka m'Chichewa. Koma aliyense amene waphunzitsapo mumzinda uno akudziwa kuti wophunzira akangotha kulemba dzina lake ndi kuwerenga kalata, pempho lotsatira limakhala lakuti, "Aphunzitsi, nanga Chizungu tiyamba liti?"

Chifukwa chake sichisowa. Ngakhale Chichewa chinasankhidwa mu 1968 kukhala chiyankhulo cha dziko, Chingerezi chinakhalabe cha m'maofesi ndi cha mayeso. Setifiketi ya MSCE situluka ukalephera Chingerezi. Malamulo oyendetsera dziko amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuchiyankhula ndi kuchiwerenga. Pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi anasefukira, ndipo ambiri analekeza Sitandade 4 kapena 5, pomwe Chingerezi chinkayamba kumene kukhala chiyankhulo chophunziriramo. Ana a nthawi imeneyo lero ndi makolo, ndipo ndi amene akudzaza mabenchi athu.

Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzindamu. Anthu amenewa safuna Chingerezi chimodzimodzi. Ku Old Town, venda wa kaunjika pa Tsoka, mnyamata wa m'sitolo ya zitsulo ku Area 2, wogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi, wa kabaza pa Malangalanga, onsewa amafuna mawu a mtengo, kukula kwa chinthu, mtundu wake ndi njira. Ku City Centre ndi ku Capital Hill Chingerezi chimabwera cholembedwa: mafomu, zikwangwani za pazitseko, buku la alendo pa resepushoni, makalata amene mesenjala ayenera kufikitsa ku ofesi yoyenera. Kumayadi, ku Area 3, 9, 10, 12, 43 ndi 47, kumalowa m'mamawa uliwonse ophika, olera ana, alonda ndi osamalira maluwa ochokera ku Kauma, Mtandire, Senti ndi Chinsapo. Iwo Chingerezi amachimva ndi khutu, chonenedwa mothamanga ndi munthu amene ali kale m'galimoto, kapena amachipeza pa botolo la mankhwala ochapira ndi pa botolo la mankhwala a mwana.

Paulo Freire wa ku Brazil, amene mu 1963 anaphunzitsa anthu pafupifupi 300 kuwerenga ku Angicos, ankayamba ndi kutumiza anthu ake kukamvetsera mawu amene eni dera amagwiritsa ntchito, kenaka n'kukonza maphunziro kuchokera pa mawuwo. Ifenso tisanaganize za masewera, tifunse kaye kuti mawu tiwatenga kuti. Tikawatenga m'buku la Sitandade 3 tidzaphunzitsa mlonda mayina a nyama za m'nkhalango, pamene iye mawa lake ayenera kuuza mlendo kuti adikire pageti.

Zimene ofufuza anapeza

Pali zinthu zitatu zimene ndikufuna tigwirepo.

Choyamba, mawu salemera mofanana. Mu 1953 mphunzitsi wa ku Britain, Michael West, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Bengal, anasindikiza mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 opezeka kawirikawiri m'Chingerezi. Kafukufuku wa pambuyo pake, makamaka wa Paul Nation wa ku yunivesite ya Victoria ku Wellington, m'dziko la New Zealand, akusonyeza kuti mawu 2,000 ofala kwambiri amatenga pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a zolembedwa wamba, ndipo pa macheza a tsiku ndi tsiku amaposa pamenepo. Tawerengetserani: mawu 10 pa phunziro, kawiri pa sabata, masabata 40 pa chaka, ndi mawu 800. Ndipo wophunzira wathu sakuyambira pa zero. Ndalama amawerenga m'Chingerezi, nambala ya foni amatchula m'Chingerezi, nthawi ya pawotchi ndi mayina a miyezi chimodzimodzi. Muuzeni zimenezi tsiku loyamba, muona nkhope yake ikuwala.

Chachiwiri, kuiwala kumathamanga poyamba. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kuti zambiri zimene munthu waloweza zimatayika m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, ndipo kuti kubwereza modumphitsa masiku kumasunga zambiri kuposa kubwereza kambiri pa tsiku limodzi. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti mawu a Lachiwiri ayenera kubweranso Lachinayi, abwerenso sabata yamawa, abwerenso mwezi wamawa.

Chachitatu, kukumbukira kumaposa kuwerenganso. Mu 2008 ofufuza awiri a ku America, Jeffrey Karpicke ndi Henry Roediger, anapatsa ophunzira a pa yunivesite mawu 40 a Chiswahili kuti awaloweze. Amene ankafunsidwa mobwerezabwereza kuti atulutse yankho m'mutu mwawo, patatha sabata ankakumbukira pafupifupi magawo 80 pa 100. Amene analeka kufunsidwa liwu atangolikhoza kamodzi, ngakhale ena a iwo ankaliwerengabe, anatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kukopera mawu pa bolodi n'kumawayang'ana m'kope kumapatsa munthu mtima woti akudziwa, koma chimene chimakhazikitsa liwu m'mutu ndi kuvutika pang'ono kulifunafuna.

Apa ndipo pagona ntchito ya masewera. M'kalasi ya anthu 25, mphunzitsi akamafunsa mmodzimmodzi kwa mphindi 20, aliyense sayankhula ngakhale mphindi imodzi yathunthu, ndipo mphindi imeneyo amayankhula maso onse ali pa iye. Akakhala awiriawiri, aliyense amakhala ndi mphindi 10, akulakwitsa pamaso pa mnzake mmodzi yekha. Masewera alionse muziwayesa ndi funso ili: kodi wophunzira wofatsitsa m'kalasi muno watchula liwu lililonse kangati?

Masewera a pamsika

Gawani kalasi pawiri, ena ogulitsa ena ogula. Ogulitsa akhale ndi makhadi odula ku katoni, lililonse lili ndi chithunzi kapena dzina la katundu, mtengo utalembedwa kuseri. Wogula aliyense apatsidwe kapepala ka zinthu zisanu zoti agule ndi ndalama zojambula zosakwana kugula zonsezo, kuti asachitire mwina koma kunenerera. Mawu ake ndi onga "how much", "too expensive", "cheaper", "discount", "change", "receipt", "size", "pair", "dozen". Zikatha mphindi 10 onani wogula amene wapeza zambiri ndi wogulitsa amene wapanga ndalama zambiri, kenaka asinthane.

Mitengo musalembe inu. Funsani eni ake kuti lero mulu wa tomato, botolo la mafuta ophikira kapena peyala ya nsapato zili pa bwanji. Pa nkhani ya malonda mayi wa geni amakuposani nzeru, ndipo akaona kuti kalasi ikudalira zimene iye akudziwa, amasiya kudziona ngati wosaphunzira. Chimene chikumusowa ndi mawu chabe.

Makhutu asanafike pakamwa

Pali mawu ena amene kuwasokoneza kumataya ndalama. "Thirteen" ndi "thirty", "fifteen" ndi "fifty" amasiyana pa malo olimbitsira mawu: loyamba limalimba kumapeto, lachiwiri kumayambiriro. Aliyense ajambule mabokosi 9 m'kope mwake, alembemo manambala amene wasankha pa mndandanda wa pa bolodi, monga 13, 30, 14, 40, 15, 50, 1,500, 15,000 ndi 50,000. Mmodzi aziitana, enawo aziphimba nambala imene amva ndi nyemba kapena chitsekerero cha botolo. Woyamba kudzaza mzere awerenge manambala ake mokweza. Woitanayo asakhale inu nthawi zonse. Wophunzira akaitana "fifty" anzake theka n'kuphimba 15, amadzionera yekha pomwe pali vuto popanda wina kumudzudzula.

Masewera omwewa amathandiza pa zovuta zimene zimachokera ku Chichewa chathu. Kwa ife "l" ndi "r" sizisintha tanthauzo, koma m'Chingerezi "glass" ndi "grass", "collect" ndi "correct", "light" ndi "right" ndi mawu osiyana. Ife tili ndi zilembo za liwu zisanu, pamene Chingerezi chili ndi maliwu ochuluka kuposa pamenepo, n'chifukwa chake "walk" ndi "work", "fill" ndi "feel", "staff" ndi "stuff" amamveka amodzi m'khutu lathu. Cholinga si kuti Mmalawi ayankhule ngati wa ku London. Chingerezi cha ku Malawi chili ndi ulemu wake. Sankhani mawu okhawo amene akasokonezeka wina amatumidwa kolakwika, kubweza chenji cholakwika kapena kudzudzulidwa kuntchito.

Lichero ndi chitenje

Masewera awa a Sikauti amawadziwa ndi dzina la Kim's Game, ndipo ndi abwino kwambiri kwa amene kuwerenga kukuwavutabe. Ikani zinthu 12 pa lichero, muzitchule pamodzi, anthu aziyang'ane kwa mphindi imodzi, kenaka phimbani ndi chitenje. Gulu lililonse la anthu anayi likumbukire zimene zilipo n'kuzitchula m'Chingerezi. Ulendo wachiwiri chotsanipo chimodzi mobisa, mufunse chimene chasowa. Ulendo wachitatu asangotchula dzina, anenenso ntchito yake.

Zinthuzo abweretse ophunzira. Sabata ino zikhale za kukhitchini: sefa, chipande, chivundikiro, ketulo, chopalira karoti. Sabata yamawa za mlonda: tochi, loko, wenzulo, batire, makiyi. Ina za m'sitolo ya zitsulo: nati, bauti, misomali, mahinjesi, fyuzi. Chinthu chimene munthu wachigwira m'manja dzina lake silithawa msanga, ndipo wobweretsayo amakhala mphunzitsi wa tsikulo, chifukwa ndiye akudziwa kagwiritsidwe ntchito kake.

Kutuma ndi kufunsa

M'zaka za m'ma 1960, James Asher wa ku San José ku California anakonza njira yophunzitsira chiyankhulo imene wophunzira amayankha ndi thupi asanayankhe ndi pakamwa. Imagwira bwino pa aneni. Khalani atatuatatu: woyamba atume, wachiwiri achite ndi manja, wachitatu aweruze. "Pour", "stir", "rinse", "wipe", "fold", "plug in", "switch off", "lock". Poyamba mneni mmodzi, kenaka awiri kapena atatu motsatizana, monga zimakhalira bwana akamatuluka m'mamawa. Aliyense apeze mpata wotuma, si wongotumidwa.

Pano ndikupemphani kuwonjezera lamulo limene ndimaliona lofunika kuposa masewerawo. Wotumidwa amene sanamve n'kufunsa kuti "Please say it again", "Please speak slowly" kapena "Do you mean this one?" apatsidwe mapointi awiri, pamene wochita molondola osafunsa apatsidwe imodzi. Wongoyerekeza n'kulakwitsa asapeze kanthu. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ngozi yaikulu ya wantchito kumayadi si kusadziwa mawu, koma kuvomera kuti "Yes, madam" asanamve, poopa kuoneka wopusa. Akatero malaya a silika amapsa ndi simbi, nyama ya alendo imaphikidwa tsiku lolakwika, ndipo zikafika pa mankhwala a mwana, kusiyana kwa "teaspoon" ndi "tablespoon" kapena kwa "twice a day" ndi "every two days" si nkhani yoseka. Makolo anati safunsa anadya phula. Tiyeni kufunsa tikusandutse chizolowezi chopindulitsa m'kalasi, kuti pakamwa pazolowere kusanafike tsiku lenileni.

Uthenga wa pageti

Awa ndi a alonda ndi onse olandira alendo. Gulu la anthu anayi likhale pa mzere. Woyamba ndi mlendo, ali ndi khadi lolembapo dzina, nthawi, nambala ya foni ndi chimene wadzera. Auze mlonda, mlonda akauze wophika, wophika akauze mwini nyumba, ndipo womalizayo alembe. Yerekezerani ndi khadi loyamba. Aliyense ali ndi ufulu wofunsa kuti "How do you spell it?" Apa mudzaona kuti mayina a zilembo ndi msampha: chilembo chimene Mngerezi amachitchula kuti "i" ndi E, ndipo G ndi J zimasinthana kawirikawiri. Mudzaonanso "he" ndi "she" zikusokonekera, poti Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo. Uthenga ukafika kumapeto mayi atasanduka bambo, kalasi imaseka, ndipo kuseka koteroko sikupweteka munthu chifukwa cholakwacho ndi cha gulu lonse.

Fomu yoduladula

Ambiri mwa ophunzira athu amaopa fomu kuposa kuyankhula. Amaima pa mzere ku banki kapena ku ofesi ya ziphaso, akafika kutsogolo n'kunena kuti aiwala magalasi, kuti wina awalembere. Konzani fomu yanuyanu pa pepala lalikulu yokhala ndi mawu amene amabwera pa mafomu ambiri: "surname", "first name", "date of birth", "marital status", "occupation", "next of kin", "village", "T/A", "district", "signature", "block letters", "for official use only". Dulani mitu payokha, mayankho a munthu wopeka payokha, musakanize, gulu lililonse lithamangire kulumikiza. Akazolowera, mmodzi akhale kalaliki wofunsa, wina woyankha. Mugwiritse ntchito mayina ndi masiku opeka, chifukwa si aliyense amafuna kuti kalasi idziwe zaka zake kapena kuti banja linatha. Fomu yake yeniyeni aliyense akalembe payekha pomaliza.

Mapu a pansi

Jambulani ndi choko pansi mtsinje wa Lilongwe, mlatho, msewu wa M1 ndi maraundabauti. Ikanipo depoti, msika waukulu, chipatala cha Bwaila, Kamuzu Central Hospital, Nyumba ya Malamulo ndi Capital Hill. Mmodzi atole kapepala konena komwe mlendo ali ndi komwe akupita, alongosole njira, mnzake aziyendetsa kamwala motsatira zimene akumva: "go straight", "turn left", "opposite", "next to", "after the bridge", "second roundabout". Mumzinda uno sitilozerana njira ndi mayina a misewu kwenikweni, timatchula nambala ya Area ndi chizindikiro chodziwika, choncho mapuwo akhale ndi zizindikiro zimene anthu amatchula. Akabaza ndi madalaivala adzakukonzani mukalakwitsa mapu. Aloleni, bola akukonzeni m'Chingerezi.

Ndagi

Masewera a mawu ife tinali nawo kale. Ena amayamba ndi "Ndagi!" poyankhidwa "Gize!", ena "Chilape!" poyankhidwa "Nachize!" Tengani mwambo womwewo. Wophunzira atole khadi, afotokoze chinthucho osachitchula dzina: "It is made of metal. You use it at night. It needs a key." Gulu lake lipeze yankho. Phindu lake n'lakuti munthu amaphunzira kuzungulira liwu limene waliiwala m'malo mongoti zii. Palibe amene adzadziwe mawu onse, koma amene amatha kunena kuti "the thing for cutting grass" adzapatsidwa chimene akufuna m'sitolo, ndipo wogulitsayo adzamuphunzitsa dzina lake ulele.

Zitini zinayi

Masewera onsewa apita pachabe ngati mawu sabwereranso. Mu 1972 mtolankhani wa ku Germany, Sebastian Leitner, anafalitsa njira yosungira makhadi a mawu m'zigawo. Ife tingagwiritse ntchito zitini zinayi kapena maenivelopu. Liwu latsopano limalowa m'chitini choyamba, cha Chingerezi kutsogolo kwa khadi, Chichewa kapena chithunzi kuseri. Chitini choyamba chimatsegulidwa phunziro lililonse, chachiwiri kamodzi pa sabata, chachitatu kamodzi pa masabata awiri, chachinayi kamodzi pa mwezi. Awiriawiri afunsane. Khadi lokhozedwa lisunthire kutsogolo, lolephereka libwerere ku chitini choyamba. Zili ngati kutakata pa bawo: nkhomo zimayenda dzenje ndi dzenje, ndipo wosewera amabwereranso pomwe anadutsa kale. Mphindi 10 zoyambirira za phunziro lililonse zikhale za zitini. Zimathandizanso kuti ofika msanga asamangodikira ochedwa, poti ife tonse tikudziwa mmene misewu imadzazira nthawi yoweruka.

Kusunga ulemu wa wamkulu

Tsopano ndinene za zinthu zimene zimagwetsa masewera abwino. Musanayambe, fotokozani m'Chichewa, mwachidule, chimene masewerawo aphunzitse ndi kumene adzachigwiritse ntchito. Mwana amasewera chifukwa wauzidwa, wamkulu amafuna kudziwa chifukwa chake. Pewani masewera otulutsa wolakwa, chifukwa woyamba kutuluka ndi amene akufunika kubwereza kwambiri, ndipo akakhala pambali kawiri katatu simudzamuonanso. Mpikisano ukhale wa magulu, ndipo magulu azisintha kuti pasakhale gulu lodziwika kuti ndi la otsalira.

Kumbukirani mwambo wathu. Musakakamize mayi kugwirana manja kapena kunong'onezana ndi bambo amene si wake, musathamangitse agogo kupita ku bolodi, ndipo ngati m'kalasi muli apongozi kapena bwana ndi wantchito wake, aikeni m'magulu osiyana. Aitaneni mwaulemu monga mmene mungawaitanire kunja, a Phiri, mayi Banda, osati dzina loyamba ngati ana a sukulu. Pasakhale kubetcha ngakhale kwa K50, ndipo makhadi a njuga asalowe m'kalasi, chifukwa Akhristu ndi Asilamu ambiri adzakhumudwa nazo. Mapointi werengani ndi nyemba. Zilembo za pa makhadi zikhale zazikulu, poti munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kuvutika ndi zolemba zazing'ono, ndipo chipinda chamadzulo sichiwala mokwanira, makamaka magetsi akazima. Wolakwitsa musamudule pakati pa masewera. Lembani zolakwazo pa kapepala, pomaliza muziike pa bolodi popanda kutchula mwini wake, kalasi yonse ikonze.

Za Chichewa m'kalasi ya Chingerezi: musachiletse. Kumasulira liwu kumatenga kamphindi, pamene kulizungulira ndi manja kungadye nthawi yambiri anthu n'kutuluka ndi tanthauzo lolakwika. Malangizo perekani m'Chichewa, masewerawo akhale m'Chingerezi. Ndipo poti mumzinda uno muli Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena ndi ena, aliyense alembe kuseri kwa khadi lake m'chiyankhulo chimene amaganizira.

Pomwe masewera amathera

Masewera saphunzitsa mawu atsopano, amalimbitsa amene aphunzitsidwa. Yambani mwaonetsa chinthu, mwatchula liwu momveka, mwalilemba, mwaliika m'chiganizo chachifupi, kenaka musewere. Mawu 8 mpaka 10 pa phunziro ndi okwana. Ndipo liwu lisamayende lokha: wophunzira asangodziwa "appointment", adziwe "I have an appointment". Phokoso ndi kuseka si umboni woti anthu aphunzira. Umboni umaoneka sabata yotsatira, makope atatsekedwa, mukafunsa mawu a sabata yatha.

Masewera salowanso m'malo mwa kuwerenga. Amene wafika pa mawu mazana angapo ayenera kuyamba kukumana nawo m'nkhani zosavuta, pa zikwangwani, pa malisiti, m'mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba amene amalowa m'foni mwake tsiku lililonse. Laibulale ya National Library Service ili pa City Centre pomwepa, ndipo ambiri mwa ophunzira athu amaidutsa osadziwa kuti nawonso angalowemo. Apititseni tsiku lina. Amene ali ndi WhatsApp angatumizirane ndagi imodzi pa tsiku ndi mawu a pakamwa, ndipo amene alibe angayende ndi makhadi asanu m'thumba, oti aziwaona podikira minibasi kapena pa ulonda wa usiku.

Ndikusiyirani ntchito ya sabata ino. Funsani wophunzira aliyense malo atatu pomwe Chingerezi chinamuthera mwezi uno, kaya pageti, pa kauntala, kuchipatala kapena pafoni. Lembani mawu amene anasowa. Sankhani khumi amene atchulidwa ndi anthu ambiri, muwaphunzitse, musewere masewera amodzi okha mwa amene takambiranawa, muike makhadi m'chitini choyamba. Sabata yamawa afunseni makope atatseka, mulembe kuti akumbukira angati. Tikadzakumananso aliyense abwere ndi chiwerengero chake, tidzaone pamodzi masewera amene agwira ntchito ku Kawale, ku Area 25 ndi ku Mtandire, ndi amene tiyenera kuwasiya. Mutu umodzi susenza denga.